Phiri Lomwe Linkalankhula: Mbiri ndi Nthano za Great Zimbabwe

Mabasi ochoka ku Blantyre ndi ku Lilongwe kupita ku Joni akadutsa Tete, Nyamapanda ndi Harare, amatsetserekera kummwera n'kudzera m'tauni ya Masvingo asanafike pachipata cha Beitbridge. Apaulendo ambiri amadutsa pamenepa ali m'tulo, ena maganizo ali pa mapasipoti ndi mzere wa pachipata. Ndi ochepa amene amadziwa kuti makilomita osakwana 30 kuchokera m'tauniyi, pafupi ndi damu la Mutirikwi, kuli phiri lomwe zaka 700 zapitazo linali likulu la ufumu waukulu, ndipo dzina la mzinda wake ndi lomwe dziko la Zimbabwe likudziwika nalo lero.

Phirilo si lalitali. Kuchokera m'chigwa kukafika pansonga ndi mamita pafupifupi 80 basi, moti munthu wokulira m'tsinde mwa Mulanje angalitche chitunda. Chodabwitsa chili pamwamba pake. Pali matanthwe akuluakulu obulungira, ndipo m'mipata mwake mwalukidwa makoma a miyala yosanja popanda simenti, matope kapena chomatira chilichonse. Khoma limayambira pathanthwe, n'kukhota motsatira thanthwelo, n'kukathera pa lina, mpaka diso kulephera kuona pomwe pathera ntchito ya Namalenga ndi pomwe payambira ya munthu.

Za phirili pamveka nthano za mitundu iwiri. Zina ndi za eni dera, zomwe zinkaphunzitsa anthu kuliopa ndi kulilemekeza. Zina zinabwera ndi alendo a kutsidya kwa nyanja, ndipo cholinga chake chinali kulilanda kwa anthu amene analimanga.

Kwa mfumu kunali kokwera

Njira yakale yokwerera phirili ilipobe. Imayamba bwinobwino ndi masitepe a miyala, koma ikamayandikira pamwamba imalowa pakati pa matanthwe awiri n'kupanikizika mpaka mapewa kumakhula uku ndi uku. Awiri sangayende mogundizana. Wina atsogole, wina atsate. Wobwera kudzaonana ndi mfumu, kaya ndi nduna, kaya ndi wamalonda wosenza mikanda, ankafika pamwamba ali wefuwefu, anthu a kumeneko atamuona kalekale.

Akatuluka mumpatamo ankapeza mpanda wa chakumadzulo, womwe khoma lake ndi lotalika mamita pafupifupi 8 ndipo n'lochindikala mamita ngati 5. Pamwamba pa khomalo pali tinsanja tobulungira tosinthana ndi miyala italiitali yozika choimika. Mkati mwa mpandamo munali nyumba zomata ndi dothi, zozira bwino ndi zofolera ndi udzu. Nyumba ikakalamba ankaigwetsa, n'kusalaza, n'kumanga ina pamwamba pake, ndipo m'kupita kwa mibadwo dothi la nyumbazo linaunjikana mamita angapo. Makoma a miyala sanali nyumba zogonamo ndipo sanafoleredwepo. Ankatchinga mabwalo ndi nyumba za anthu olemekezeka kuti asamaonedwe wambawamba.

Miyala sankakaitenga kutali. Matanthwe a m'derali amasupuka okha m'mapalemapale chifukwa cha kutentha kwa masana ndi kuzizira kwa usiku. Amisiri ankafulumizitsa zimenezi posonkha moto pathanthwe kenako n'kuliziziritsa mwadzidzidzi, ndipo mapalewo ankawaswa m'zidutswa zoti munthu n'kunyamula. Makoma oyambirira a paphiri ali ndi mizere yokhotakhota, miyala ikuluikulu ndi ing'onoing'ono ili pamodzi. Omangidwa pambuyo pake m'chigwa ali ndi mizere yowongoka ya miyala yofanana. Luso linakulira pomwepa, mbadwo wina kuphunzira kwa unzake, mpaka anamanga mpanda waukulu wa m'chigwa, womwe kuuzungulira ndi mamita pafupifupi 250 ndipo pena ndi wotalika mamita 11.

Alimi odziwa kusula chitsulo anali atakhalapo pamalowa zaka mazana angapo m'mbuyomo, koma mzinda wa miyala unakula pakati pa zaka za 1100 ndi 1450, ndipo unafika pachimake m'zaka za m'ma 1300. Mabwinja ake ali pa malo opitirira mahekitala 700. Pa chiwerengero cha anthu akatswiri amasiyana: ena amati ankafika 18,000, ena amati sankakwana 10,000. Omanga ndi okhalamo anali makolo a Ashona.

Ng'ombe, golide ndi mikanda

Chuma choyamba cha mafumu a paphiri chinali ng'ombe. Derali lili pamalire a dziko lokwera ndi lotsika, kotero msipu unkapezeka chaka chonse: dzinja kumtunda, chilimwe kumunsi. Padzala lina la m'mbali mwa phiri panafukulidwa mafupa zikwizikwi, pafupifupi onse a ng'ombe, ndipo zambiri zinaphedwa zikadali zanthete. Wopha ng'ombe yanthete ndi munthu amene khola lake ndi la mwanaalirenji. Kumunsi anthu ankalima mapira ndi mawere, kuumba mbiya, kusula makasu ndi kupota ulusi wa thonje.

Chuma chachiwiri chinachokera kunyanja. Golide wokumbidwa m'madera ozungulira pamodzi ndi minyanga ya njovu ankapita nazo kugombe la Sofala, m'dziko lomwe lero ndi Mozambique, ndipo kumeneko zombo za Aswahili zinkazitengera ku Kilwa, kugombe la Tanzania. Pobwerera kunkabwera nsalu ndi mikanda yagalasi. M'mabwinjawa mwapezeka mapale a mbale za ku China, mbale yonyezimira ya ku Persia, zidutswa za magalasi a ku Syria, ndi kandalama kachitsulo kolembedwa dzina la al-Hasan bin Sulaiman, mfumu ya ku Kilwa ya m'zaka za m'ma 1300. Mwapezekanso mabelu achitsulo a mtundu wodziwika kumpoto kwa Zambezi, umboni woti malonda sankaloza kunyanja kokha. Mikanda ndi mapale a mbale za ku China zapezekanso ku Mankhamba, likulu la Kalonga ku Dedza, komwe anafukula katswiri wa ku Malawi Yusuf Juwayeyi. Mankhamba anakula Great Zimbabwe atayamba kale kuzilala, koma malikulu awiriwa ankamwa pa chitsime chimodzi cha malonda a m'nyanja ya India.

Mbalame, phanga ndi mawu

Chakum'mawa kwa phiri kuli mpanda wina waung'ono wokhala ndi masitepe ndi timabwalo tokwera. Muno ndi momwe munaimikidwa zambiri mwa mbalame zotchuka za miyala za mzindawu. Zodziwika zilipo 8, zosemedwa pa mwala wofewa wobiriwira. 7 zinapezeka paphiri ndipo imodzi m'chigwa. Iliyonse siposa masentimita 40, ndipo inasemedwa pansonga pa chipilala cha mwala womwewo chofika pafupifupi msinkhu wa munthu. Ukaziyang'anitsitsa si mbalame zenizeni. Ina ili ndi milomo ya munthu, zina zili ndi miyendo yonenepa ndi zala m'malo mwa zikhadabo, ndipo pachipilala cha imodzi pali ng'ona ikukwawa kukwera. Ena amati wosemayo ankaganiza za chiwombankhanga chomwe Ashona amachitcha chapungu, mthenga wa mizimu. Ena amati ndi hungwe, yomwe ndi nkhwazi, mbalame yomwe ili pa mbendera ya Zambia ndi pamwamba pa chizindikiro cha boma la Malawi. Katswiri Thomas Huffman ankaganiza kuti mbalame iliyonse inkaimira mfumu ina yomwe inatisiya.

Mbali ya kummwera kwa phiri kuli phanga loyang'ana kuchigwa. Munthu akaima pakamwa pake n'kufuula, mawu amawomba matanthwe n'kukamveka kutali kumunsi, kufupi ndi mpanda waukulu. Operekeza alendo amasonyeza zimenezi mpaka lero. Amafotokoza kuti mfumu inkaitanira anthu ake pamenepa, ndipo ena amati m'phangamo ndi momwe olankhulira mizimu ankaperekera uthenga.

Mzinda utatha, phiri silinasiyidwe. M'zaka za m'ma 1800 panali mudzi wa anthu a mfumu Mugabe a fuko la Duma, omwe alibe ubale ndi mtsogoleri wakale wa dzikolo wa dzina lomweli, ndipo manda a makolo awo ali paphiripo. Iwowa anapeza anthu a Nemanwa, amene amati iwo sanachokere kwina koma anamera pamalo pomwepa. Nthano yawo imanena za kamtsikana komwe kanatuluka pa kasupe wa m'chigwa, yemwe mpaka pano amatchedwa Chisikana. A Charumbira nawonso amati ali ndi gawo pa malowa. Munthu wina wa m'derali, dzina lake Bebereke, anafotokozera mlendo Karl Mauch kuti pakapita zaka zingapo anthu ankasonkhana akatha kukolola, n'kupereka nsembe ya ng'ombe zakuda, ndipo wansembe ankakwera phiri kukamva zomwe Mwari, Mulungu wa Ashona, wanena.

Akuluakulu a mafuko atatuwa, ngakhale amakangana za mwini malo, amagwirizana pa chinthu chimodzi: kale phirili linkamveka. M'bandakucha kapena madzulo anthu ankamva ng'ombe zikulira, ng'oma, likhweru ndi anthu akuyankhulana, koma akapita kukaona sankapeza munthu. Polowa pamalopo ankayamba awomba m'manja ndi kupempha. Wofufuza Joost Fontein, amene anacheza ndi akuluakuluwa n'kutulutsa buku lotchedwa The Silence of Great Zimbabwe mu 2006, anamva dandaulo limodzimodzi paliponse: mizimu inakwiya n'kukhala chete pamene alendo anayamba kukumba, kuchotsa mbalame, kumanga mpanda wa waya ndi kuletsa miyambo.

Ulendo wokasaka mchere

Pofika cha m'ma 1450 mzindawu unali utayamba kuchepa mphamvu. Mbiri yapakamwa ya Ashona imati kwawoko kunasowa mchere, ndipo kalonga wina, Nyatsimba Mutota, ananyamuka kulowera kumpoto kukaufuna. Anakaupeza ku Dande, kufupi ndi Zambezi, ndipo sanabwererenso. Anayambitsa ufumu wa Mutapa, womwe Apwitikizi anadzaupeza ukulamulira ndipo unadzakhala woyandikana ndi Amaravi kutsidya kwa mtsinjewo. Akatswiri amaona kuti mchere wa m'nthanoyi ukuimira zambiri: msipu ndi nkhuni zomwe zinkachepa pozungulira mzinda wodzaza anthu, malonda a golide omwe anasamukira ku njira ya Zambezi, ndi mikangano ya m'banja lachifumu. Chakumadzulo nako kunadzuka likulu lina la miyala, Khami, pafupi ndi pomwe pali Bulawayo lero.

Nthano yobwera ndi alendo

Apwitikizi a ku Sofala anamva za mzindawu kwa amalonda achiswahili. Mu 1531 mkulu wa asilikali awo, Vicente Pegado, analemba za linga la miyala yopanda chomatira, ndipo mu 1609 wansembe João dos Santos anafalitsa maganizo oti golide wa dziko la Mutapa ndi uja wa ku Ofiri, wotchulidwa m'Baibulo pa nkhani ya Mfumu Solomoni. Mbewu ya nthano yachiwiri inadzalidwa pamenepo, ndipo inakhala m'mabuku a ku Ulaya zaka zoposa 250.

Pa 5 Sepitembala 1871 Mjeremani Karl Mauch anafika pamabwinjawa moperekezedwa ndi mlenje Adam Render, amene ankakhala m'derali. Mauch anabwera mutu utadzaza kale ndi Ofiri. Anabenthula kachidutswa ka mtanda wa pamwamba pa khomo lina, n'kukanunkhiza, n'kumva ngati fungo la pensulo yake. Poti mapensulo ankapangidwa ndi mkungudza, iye anagamula kuti mtandawo ndi mkungudza wa ku Lebanoni, ndipo wobweretsa sangakhale wina koma mfumukazi ya ku Sheba. Anati zomangidwa paphiri n'zotengera kachisi wa Solomoni. Mtengowo unali wa m'tchire la komweko, wonunkhira mwachibadwa, womwe ku South Africa amautcha tambotie.

Nthanoyi inagwa m'manja mwa anthu amene ankaifuna. Mu 1890 gulu la Cecil Rhodes linalowa m'dziko la Ashona n'kumanga Fort Victoria, yomwe ndi Masvingo ya lero. Ngati mzinda wa miyala unamangidwa ndi azungu kapena anthu a ku Foinike, ndiye kuti atsamunda sakulanda dziko koma akubwerera pa malo a anzawo akale. Mu 1891 Theodore Bent anakumba ndi thandizo la kampani ya Rhodes n'kulengeza kuti omanga anali ochokera kunja. Kuyambira 1902 mpaka 1904 mtolankhani Richard Nicklin Hall, amene anapatsidwa udindo wosamalira malowa, anakokolola dothi lakuya mita imodzi, pena kuposa apo, m'mipanda yambiri. Mapale, makala, mafupa ndi pansi pa nyumba zakale anazitaya ngati zinyalala za anthu akuda zomwe zikuphimba ntchito ya azungu. Umboni wa mibadwo yambiri unatayika m'zaka ziwiri zokha, ndipo sudzabwereranso.

Mbalame nazo zinali zitayamba kale ulendo. Mu 1889 mlenje Willie Posselt anakwera phiri n'kupeza zinayi zili chiimire. Anthu a mfumu Mugabe anamukaniza mwaukali, koma iye anabwereranso ndi mabulangete ndi katundu wina, n'kudula imodzi pachipilala chake. Anakaigulitsa kwa Rhodes, ndipo inakhala m'nyumba yake ya Groote Schuur ku Cape Town zaka zoposa 100. Bent anatenga zina kupita nazo ku Cape Town komweko, ndipo theka la ina linakathera ku Berlin mu 1907.

Zomwe dothi linanena

Mu 1905 kunabwera David Randall-MacIver, wophunzitsidwa bwino ntchito yofukula zakale ku Egypt. Iye anaona kuti ziwiya zopezeka pansi penipeni pa makoma n'zofanana ndi zomwe Ashona ankagwiritsa ntchito, ndipo katundu wochokera kunja ndi wa zaka mazana ochepa chabe, osati wa nthawi ya Solomoni. Ananena poyera kuti omanga anali anthu a mu Africa. Atsamunda anakwiya, ndipo mu 1929 kunatumizidwa katswiri wina kuti akaonenso.

Ameneyo anali Gertrude Caton-Thompson, ndipo gulu lomwe ankatsogolera linali la amayi okhaokha, mmodzi mwa iwo Kathleen Kenyon, amene anadzatchuka pofukula mzinda wa Yeriko. Caton-Thompson anakwera ndege kuti aone phiri kuchokera kumwamba, n'kupeza malo a m'mbali mwake omwe okumba oyamba sanawakhudze. Anakumba mosamala, kulemba chilichonse ndi pomwe chapezeka. Chaka chomwecho anaimirira pamsonkhano wa asayansi ku Johannesburg n'kunena kuti chilichonse chomwe wapeza chikuloza kwa anthu akuda a m'dera lomwelo. Mu 1958 Keith Robinson anakumbanso paphiri, ndipo njira yatsopano yoyezera zaka za makala inatsimikiza nyengo yomwe mzindawu unakula.

Boma la Ian Smith silinafune kumva zimenezo. Linalamula kuti mabuku a boma otsogolera alendo asamanene motsimikiza kuti omanga anali anthu akuda. Peter Garlake, woyang'anira malo akale m'dzikolo kuyambira 1964, anakana kubisa zoona ndipo mu 1970 anakakamizika kusiya ntchito n'kutuluka m'dziko. Nthawi yonseyi chithunzi cha mbalame ya paphiri chinali pa chizindikiro cha boma la Rhodesia. Koma omenyera ufulu anali atatenga kale dzina la mzindawu. Zipani za ZAPU ndi ZANU zinalinyamula kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo pa 18 Epulo 1980 linakhala dzina la dziko, mbalame ija ili pambendera.

Kubwerera kwa mbalame

Mu 1981 dziko la South Africa linabweza mbalame zomwe zinali m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Cape Town, koma osati kwaulere. Zimbabwe inapereka m'malo mwake gulu lalikulu la njuchi, mavu ndi nyerere zouma zomwe asayansi anasonkhanitsa ku Bulawayo. Theka lija la ku Berlin linayenda ulendo wautali: asilikali a Soviet Union analitengera ku Leningrad nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, kenako linabwerera ku Germany. Mu 1997 linakumana ndi mutu wake pachionetsero ku Tervuren, m'dziko la Belgium, ndipo mu 2003 kunachitika mwambo wolilandira ku Harare. Mu 1986 bungwe la UNESCO linali litaika kale Great Zimbabwe pa mndandanda wa malo ofunika kwa anthu a dziko lonse.

Kwa akuluakulu a Nemanwa, Mugabe ndi Charumbira nkhani sinathere pamenepo. Ufulu unabwera, koma malowa anakhalabe m'manja mwa bungwe la boma losamalira zinthu zakale, ndipo wofuna kuthira nsembe pomwe makolo ake ankathira amayenera kuyamba wapempha chilolezo. Mbalame zinabwerera, koma zili m'nyumba yotetezedwa, osati pa timabwalo ta paphiri. Osamalira malo ali ndi mfundo zawo: makoma opanda chomatira amagwa msanga, mizu ya mitengo ndi zitsamba zobwera monga lantana zimawasuntha, ndipo moto wolusa ndi mapazi a alendo zimawonjezera vutolo. Mbali ziwirizi zikukambiranabe za mmene malo amodzi angakhalire kachisi wa eni dera komanso chuma cha dziko lonse.

Kafukufuku naye akupitirira, ndipo tsopano akutsogolera ndi ana a dziko lomwelo. Shadreck Chirikure ndi Innocent Pikirayi atsutsa maganizo oti mafumu onse ankakhala paphiri. Iwo akuti mfumu yatsopano inkalamulira ili pakhomo pake, kotero likulu linkasuntha kuchoka paphiri kupita ku mpanda waukulu, kenako m'chigwa. Chirikure wabwerera ku mabokosi a zinthu zomwe zinafukulidwa kalekale koma sizinaunikidwe bwino, ndipo wapeza kuti ngakhale anthu okhala kunja kwa makoma ankasungunula zitsulo ndi golide pakhomo pawo. Pikirayi ndi anzake anaunika maenje akuluakulu ozungulira phiri, omwe kale ankangoti ndi mokumbamo dothi lomangira nyumba. Zomwe anatulutsa mu 2022 zikusonyeza kuti maenjewo ankakolola madzi a mvula otsika m'matanthwe ndi a pansi pa nthaka, ndipo ndi omwe ankamwetsa anthu ndi ng'ombe za mumzindawu m'miyezi ya chilimwe.